Tisawaphe agogo ndi shuga m'dzina la ulemu

Chaka chino anthu atangogulitsa soya ndi mtedza kwa mavenda, ndaona chinthu chondiwawa m'makomo ambiri. Ndalama ikangolowa, choyamba kugulidwa ndi shuga, sikono ndi Sobo, ati za agogo. Ana a ku Joni nawo akatumiza kangachepe amalamula pafoni kuti mayi asamwe tiyi wosakoma. Ndi kuzizira kwa June kuno, gogo mmodzi akumwa makapu atatu patsiku, kapu iliyonse masupuni anayi, ali chikhalire pakhonde poti ntchito ya kumunda yatha.

Werengani nokha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapyole pafupifupi masupuni ang'onoang'ono 12 a shuga patsiku, ndipo atachepetsa kufika pa 6 ndiye bwino koposa. Agogo athuwa tiyi yekha wakwanitsa kale 12, tisanawerenge thobwa lothira shuga ndi botolo la Fanta lobwera ndi alendo.

Chimandikwiyitsa n'chakuti gogo akayamba kunenepa, mudzi wonse umayamikira kuti ana ake akumusamala. Akachepa thupi, manong'onong'o ayamba, ena mpaka kumuganizira matenda aja. Mgaiwa timaunyoza kuti ndi wa osauka, chimanga chonse n'kukakonola, madeya n'kupatsa nkhumba. Nyemba zimene zikanamuthandiza tagulitsa. Tidzasiya liti zimenezi? Kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2009 wotchedwa STEPS adapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi (BP), ndipo ambiri sankadziwa. Matenda a shuga, BP ndi kunenepa zimayendera limodzi, zikakumana mwa munthu wokalamba zimawononga impso, maso ndi mitsempha, mapeto ake kufa ziwalo.

Mlimi wina adandiimitsa panjira misozi ili m'maso. Adagulira mayi ake belo lathunthu la shuga atagulitsa nandolo. Mayiwo ankadzuka kukataya madzi usiku wonse, ludzu losatha, banja n'kumati ndi ukalamba basi. Tsiku lina adabayidwa ndi chitsa kudimba osamva kanthu, poti mapazi anali atachita dzanzi. Bala lidakana kupola. Pofika kuchipatala, zala ziwiri zidadulidwa. "Alangizi, ine ndimati ndikuwalemekeza amayi," adatero. Ndalama ya nandolo idathera pa thiransipoti, ndipo mkazi wake adasiya kudimba kukakhala podwazika.

Choncho chepetsani shuga pang'onopang'ono mpaka supuni imodzi. Nsima ikhale ya mgaiwa, mtanda wochepa, ndiwo zamasamba zochuluka: bonongwe, chisoso, nkhwani wotendera. Mchere usapyole supuni yaing'ono imodzi patsiku. Agogo aziyenda, musawalande kantchito kalikonse. Pa ndalama ya zokolola patulani ya ulendo wokayezetsa shuga ndi BP, ndipo amene adayamba kale mankhwala asasiye chifukwa akupezako bwino. Madzulo aliwonse wina aziwayang'ana kumapazi.