Momwe mungapimitsire makolo matenda oiwalaiwala muli ku England

Musanapite kwa GP (dokotala wa m'dera lanu amene mumayamba kuonana naye), lembani m'kabuku zomwe mukuona kwa milungu iwiri kapena itatu. Ine ndinalemba za nyemba zomwe zinapserera kawiri mayi ali phee pampando, ndi tsiku lomwe anandiitana dzina la malemu azakhali. Kulembetsa kwa GP n'kwaulere, musamvere wina wokuuzani kuti mumpatse kangachepe akuthandizeni.

Popempha tsiku lokaonana ndi dokotala, pemphaninso womasulira, ndipo nenani kuti wa Chichewa cha ku Malawi. Apa m'pomwe ine ndinalakwitsa. Ndinati ndimasulira ndekha. Dokotala anawauza mayi kuti asunge m'mutu dzina la mzungu ndi adilesi yake, kenako atchule miyezi chobwerera m'mbuyo kuyambira Disembala. Mayi sukulu analekera Sitandade 2, ndipo mwaulemu wawo chilichonse ankangoti "eya adokotala". Ine chifundo chitandigwira ndinayamba kuwanong'oneza mayankho. Zotsatira zake sizinathandize aliyense, tinadikiranso nthawi yaitali kuti tiyambirenso.

Ulendo wachiwiri ndinafunsa za RUDAS. Mayesowa anapangidwa ku Sydney, Australia, n'kufalitsidwa mu 2004, poganizira okalamba ochokera m'mitundu yosiyanasiyana. Amatenga mphindi pafupifupi 10 ndipo mamalikisi ake ndi 30. Munthu akapeza 22 kapena kucheperapo, amafunika kumuunika mozama. Mayi anauzidwa kukumbukira tiyi, mafuta ophikira, mazira ndi sopo, zinthu zoti amazigula pagolosale moyo wawo wonse. Anafunsidwa momwe angawolokere msewu wodzaza magalimoto, kenako atchule nyama zambiri m'mphindi imodzi. Anayambira pa fisi mpaka kufika pa mbewa. Chomwe chinawavuta ndi kujambula bokosi, cholembera sanachizolowere, ndipo ndinamuuza dokotala zimenezo. Ku Tanzania kuli mayeso ena otchedwa IDEA omwe m'malo mojambula munthu amayala timitengo ta machesi.

Magalasi ndi zothandizira kumva musaziiwale kunyumba. Pemphani ayeze magazi, makamaka vitamini B12, shuga ndi chithokomiro, komanso mkodzo, poti matenda a m'chikhodzodzo amasokoneza mutu wa okalamba. Mapilisi "obwezeretsa nzeru" omwe amalengezedwa m'magulu a WhatsApp aja asiyeni, ine botolo limodzi linandidyera ndalama ya basi ya sabata yonse.

Zikatero GP akhoza kukutumizani ku memory clinic, komwe kuli akatswiri ounika matenda oiwalaiwala. Kabuku kaja katengeni.