Kuyendera ndege ya injini ya Rotax 912 musanailize

Ndege zambiri zing'onozing'ono za anthu awiri, zija zimatchedwa light sport, zimauluka ndi injini ya mtundu umodzi: Rotax 912, yopangidwa ku Gunskirchen m'dziko la Austria. Kaya ndege yanu ndi Tecnam, Pipistrel, Flight Design kapena Sling, mukavundukula kutsogolo nthawi zambiri mupeza injini yomweyi ya masilinda anayi, imene inayamba kugulitsidwa mu 1989. Ine ndimaikhulupirira kwambiri injiniyi, koma ili ndi khalidwe lake limene munthu wozolowera galimoto, ngakhalenso wozolowera Cessna ya injini ya Lycoming, salidziwa. Pano ndikufotokozerani mmene ndimayendera ndege yotere m'mawa, injini ikadali yozizira. Manambala ndi a 912 ULS ya mahatchi 100. Buku la ndege yanu likanena zosiyana, tsatirani bukulo.

Musanakhudze pulopela, lowetsani mutu m'ndege muone ndi maso anu kuti maswichi onse awiri a moto woyatsira injini ndi ozimitsa, kiyi yachotsedwa, ndipo mabuleki ndi omanga. Wina akakuuzani kuti wazimitsa kale, muyamikeni, kenako kaoneni nokha.

Tsopano oyilo, ndipo apa ndichedwapo chifukwa mpamene ophunzira ambiri amasokonezeka. Mu Rotax 912 oyilo sakhala pansi pa injini ngati m'galimoto. Ali ndi thanki yakeyake pambali, ndipo palibe pampu yomubwezera kuthankiko. Chimene chimamukankha kuti abwerere ndi mpweya umene umadutsa m'mbali mwa mapisitoni injini ikamazungulira. Ndiye ndege ikagona usiku, oyilo wina amatsetserekera m'munsi mwa injini n'kukhala momwemo. Mukangosolola choyezera oyilo m'mawa, chikuuzani kuti oyilo wachepa pamene alipo wokwanira. Mukathira wina, mwadzazitsa, ndipo wotsalayo atulukira pa paipi yopumira n'kupaka mimba yonse ya ndege.

Choncho muyenera kuyamba mwaigeyetsa injiniyo. Tsegulani chivindikiro cha thanki ya oyilo. Imani kutsogolo, gwirani pulopela ndi manja awiri, muizungulize mbali imene imazungulirira injini ikamalira. Musathamange nayo. Mukamva yalimba, ndiye kuti pisitoni ikupanikiza mpweya. Igwireni pomwepo kwa kamphindi kuti mpweyawo udutse n'kukankha oyilo, kenako pitirizani. Anthu ambiri amangopukusa mwachangu mpaka thukuta, osadziwa kuti ntchito imagwirika pa kulimba paja. Pakapita nthawi mumva m'thanki muja mukuti gulugulu, ngati madzi omaliza akutsika m'sinki. Pamenepo oyilo yense wafika. Kukazizira kwambiri zimatenga nthawi chifukwa oyilo amakhala wolemera, koma musasiye phokosolo lisanamveke.

Pulopelayi musaibweze m'mbuyo. Kutero kukhoza kulowetsa mpweya m'njira za oyilo mpaka kumavavu, ndipo kuuchotsa ndi ntchito ya makaniko.

Manja anu akamazunguliza, amve zimene injini ikunena. Masilinda onse anayi ayenera kulimba mofanana. Ngati kulimba kumodzi kukudutsa mofewa kusiyana ndi kwina, kapena mukumva kukhulana kwa zitsulo, ndegeyo isanyamuke makaniko asanaione. Kugogoda pang'ono kwa giyabokosi nkwachibadwa, chifukwa pakati pa injini ndi pulopela pali magiya: injini imazungulira ka 2.43 kuti pulopela izungulire kamodzi. Mukaizolowera ndege yanu mudzasiyanitsa kugogoda kwa masiku onse ndi kwachilendo.

Tsopano pukutani choyezera chija, chibwezeni, muwerenge. Oyilo akhale pakati pa mizere iwiri. Kuchoka pa mzere wapansi kufika wapamwamba sikukwana ndi theka la lita, ndiye pothira muzithira pang'onopang'ono. Oyilo wake si wa ndege zina zija. Popeza oyilo yemweyo ndi amene amafewetsanso magiya, pamafunika wopangidwira injini zotere, monga AeroShell Sport Plus 4. Chivindikiro chija ine sindichiika pa phiko kapena pansi. Chimakhala m'thumba la malaya anga mpaka chitabwerera pamalo pake, chifukwa chikaiwalika oyilo amamwazikira injini yonse muli m'mwamba.

Mudakali pomwepo, tengani tochi. Mitu ya masilinda imaziziritsidwa ndi madzi, choncho onani botolo la madziwo ngati ali pakati pa mizere, ndipo finyani mapaipi a labala mumve ngati auma kapena afewa kwambiri. Rotax amati zalabala zisinthidwe zaka zisanu zilizonse, ngakhale zikuoneka bwino. Makabuleta alipo awiri, lililonse logwiridwa ndi mkombero wa labala. Ligwedezeni pang'ono mukuunika mkomberowo: kamng'alu kakang'ono kamayamwa mpweya, ndipo kakakula kabuleta ikhoza kuguluka. Mukaona madontho a petulo kapena banga pansi pa kabuleta, kawirikawiri ndiye kuti zoyandama za m'kati mwake zamwa mafuta n'kumira. Werengani masipuling'i a ekizozi, onse akhalepo ndipo asathyoke.

Mafuta musawakhulupirire pa geji. Tsegulani thanki, muone ndi maso, muviike ndodo yoyezera. Kenako tengani kabotolo koonekera, mukhetse mafuta pang'ono pa kavavu ka pansi pa thanki iliyonse ndi pa sefa yapansi. Madzi ndi olemera kuposa petulo, ndiye amakhala pansi pa kabotoloko ngati mikanda yonyezimira. Mukawaona, khetsaninso mpaka atatha, mugwedeze phiko, mudikire, mukhetsenso. Chenjerani ndi kabotolo kodzaza madzi okhaokha, chifukwa mulibe mzere wosiyanitsa ndipo kamaoneka koyera bwino. Nunkhizani, ndipo donthezani pang'ono pa chala: petulo amauma msanga n'kusiya kuzizira, madzi amangokhala. Mafuta a ndege a 100LL ndi abuluu, pamenepo mtundu umakuthandizani.

Injiniyi imakonda petulo wopanda mtovu wa okiteni 95 kupita m'mwamba. Imatha kuyendera 100LL, koma mtovu wake umasiya utope m'giyabokosi ndi m'thanki ya oyilo, n'chifukwa chake amene amaugwiritsa ntchito kawirikawiri amasintha oyilo pa maola 50 m'malo mwa 100. Petulo wosakaniza ndi ethanol ali ndi vuto lina: amamwa madzi n'kuwabisa, moti kabotolo kaja sikawaonetsa mpaka atachuluka. Amaonongekanso akakhalitsa m'thanki. Ndege imene yaima miyezi ndi petulo wotere ine ndimaikhuthula ndisanaiulutse.

Mafutawo ali ndi kulemera kwake, ndipo ndege izi zilibe malo osewerera. Pamene FAA, nthambi yoyang'anira za ndege ku United States, inakhazikitsa gulu la light sport mu 2004, inaika malire a makilogalamu 600 ponyamuka. Malamulowo anawafewetsa mu 2025, koma ndege imene inamangidwira makilogalamu 600 ikadali ya 600 yomweyo. Tiyerekeze kuti yanu yopanda kanthu imalemera 370. Mukakwera awiri a makilogalamu 90 aliyense, mwafika 550. Otsala 50 aja ndi malita 69 okha a petulo, popeza lita imodzi imalemera pafupifupi makilogalamu 0.72, ndipo chikwama simunachiwerengere. Injiniyi imamwa malita 15 mpaka 20 pa ola. Masamu amenewa achitike musanadzaze mathanki.

Kuzungulira ndegeyo yambirani pamalo amodzi tsiku lililonse, muzizungulira mbali imodzi. Gwirani chilichonse choyenda pa mapiko ndi kumchira, muchiyendetse mpaka kumapeto, muone mahinji, mabawuti ndi timapini tawo. Onani matayala, mapaipi a mabuleki, ndi pulopela ngati yalumidwa ndi timiyala. Masulani zingwe zomangira ndege pansi, chotsani chokhomera ndodo yowongolera. Pa kapaipi ka pitot, kamene kamayeza liwiro, gwadani muyang'anemo ndi tochi, koma osauziramo chifukwa mungaononge geji. Mavu amakonda kumata dothi m'kabowo kameneka. Mu 1996 ndege ya Boeing 757 ya Birgenair inagwa m'nyanja itangonyamuka ku Puerto Plata m'dziko la Dominican Republic, anthu 189 n'kumwalira, ndipo ofufuza anapeza kuti paipi ya pitot inali yotsekeka, mwachionekere ndi chisa cha mavu, ndegeyo itakhala masiku ambiri osauluka. Kachivindikiro kofiira kotchinga kapaipi ka pitot muzikabwezera nthawi zonse mukatera.

Foni ikalira kapena wina akakuyankhulitsani muli pakati, bwererani poyambira. Zinthu zimaiwalika pa malo amene munthu anadukizidwa, ndipo pa ichi sindigonja ngakhale wokwera naye akuyang'ana wotchi.

Mukakhala pampando, mangani malamba, tsekani chitseko, ndipo ngati ndege ili ndi parachuti yonyamula ndege yonse, solani pini yotetezera chogwirira chake. Ikatsalamo, pa ngozi simudzakhala ndi nthawi yoifunafuna. Fuulani kuti anthu atalikire pulopela, ndiye lizani. Maso apite pa geji ya mphamvu ya oyilo: ikwere pasanathe masekondi 10, apo ayi zimitsani. Ilekeni ilire pa 2,000 rpm (maulendo amene injini imazungulira pa mphindi imodzi) kwa mphindi ziwiri, kenako 2,500 mpaka oyilo atafika madigiri 50 a Celsius. Musaisiye ikulira motsika kwambiri, pansi pa 1,400, chifukwa magiya amamenyana ndipo mumva ndege yonse ikunjenjemera.

Oyilo akatentha, lozetsani mphuno kumene kukuchokera mphepo, pondani mabuleki, kwezani kufika 4,000 rpm. Zimitsani swichi imodzi ya moto, muwerenge, muiyatse, muchite chimodzimodzi ndi inayo. Iliyonse isatsitse kupitirira 300 rpm, ndipo kusiyana kwa ziwirizo kusapitirire 115. Ngati singano ya geji ya rpm sinatsike ngakhale pang'ono musakondwere: ndiye kuti swichiyo sikuzimitsa moto, ndipo pulopela imene mudzaizungulize ndi manja mawa idzakhala ndi moto. Zikatuluka kunja kwa manambalawa, bwererani kokaimika ndege, lembani m'buku la ndege zimene mwaona pamodzi ndi manambala ake, kuti makaniko adziwe poyambira.