Tayala la sipeya la pansi pa pikapu: liyeseni pakhomo musanalowe Great East Road

Amalawi ambiri okhala kuno ku Lusaka tikapeza kangachepe timathamangira pikapu. Mkati mwa sabata imanyamula katundu wa ku misika ya Kamwala kapena Soweto, ndipo kukamveka za maliro kapena ukwati kumudzi, ndi yomweyo imene imalongedza abale ndi matumba kulowera ku malire a Mwami kudzera mumsewu wa Great East Road. Pogula timamvetsera kulira kwa injini, timafufuza mapepala, timamenya matayala anayi ndi phazi. Tayala lachisanu lija, la sipeya lokhala pansi kumbuyo, timangolisuzumira n'kunena kuti lilipo. Funso lenileni ndi lakuti kodi lingatsike, nanga likatsika lingakufikitseni pa malo omatira matayala?

Pa Hilux, Isuzu, Ranger, Hardbody ndi zinzake, tayalali limapachikidwa ndi kawinchi kakang'ono komangidwa ku chassis, chimango chachitsulo cha pansi pa galimoto. Kena kamakhala ndi tcheni, kena waya wolukaluka, ndipo kumapeto kwake kuli chitsulo chophwatalala chimene chimakola pabowo lapakati pa rimu. Chotsitsira ndi ndodo zachitsulo zolumikiza zija zimene zimakhala pamodzi ndi jeke, kawirikawiri kuseri kapena kunsi kwa mpando wakumbuyo ngati ndi double cab. Yambani ndi kuona ngati ndodozo zilipo zonse. Galimoto zogula kwa munthu zimabwera zidutswa zina zitasowa, ndipo ndodo ya mtundu wina wa galimoto nthawi zambiri sikola pa winchi yanu chifukwa mitu yake imasiyana.

Katsitsidwe kake n'kosavuta ngati zonse zili bwino. Imikani galimoto pamalo olimba ndi athyathyathya, kokani handibuleki, ikani m'giya, tsekerani mawilo ndi miyala. Tsitsani sipeya musanakweze galimoto pa jeke, chifukwa mudzafunika kulowetsa mikono pansi, ndipo pansi pa galimoto yokhala pa jeke yokha sipalowa munthu. Lumikizani ndodo, zilowetseni pa kabowo kamene kali chapafupi ndi bampala yakumbuyo, mufufuze mpaka mumve kuti yakola. Usiku popanda tochi apa pokha pangakudyereni nthawi yaitali. Zungulizani chakumanzere mpaka tayala ligunde pansi, ndipo musalekere pomwepo: pitirizani kuti tcheni chikhale cholendewera. Mukatero mumatha kulikoka tayala kubwera nalo kunja kwa galimoto, n'kupendeketsa chitsulo chija kuti chituluke pabowo la rimu.

Musanalichotse lijambuleni pa foni. Galimoto zina zimafuna nkhope ya rimu iyang'ane kumwamba, zina pansi, ndipo tayala lobwezedwa chozondoka limakana kukhala bwino. Pobwezera zungulizani chakumanja mpaka ligwire zolimba ku chassis, kenako ligwedezeni ndi manja awiri. Likamasewera ngakhale pang'ono, mabampu a m'makomboni adzaligwedeza tsiku lililonse mpaka waya kudyeka. Musalole mnyamata wa pamalo omatira matayala kuti amange winchiyi ndi mfuti ya mpweya ija yomangira manati. Timano tam'kati mwake n'tating'ono, sitipirira mphamvu yotere. Ndipo ngati tayala lophwalo mwaliponya kumbuyo pa katundu, kwezani tcheni chopanda kanthucho, chisamakwekwereke mumsewu.

Chimene chimapha mawinchi ambiri kuno ndi dzinja. Kuyambira Novembala mpaka cha mu Epulo, amene amayenda ku Kanyama, Chawama ndi madera ena odikha madzi amadziwa kuti galimoto imasambira m'zithaphwi tsiku ndi tsiku. Matope amalowa m'winchi, amauma, dzimbiri limagwira ntchito yake mwakachetechete, kenako chilimwe chimawonjezera fumbi. Papita chaka chimodzi kapena ziwiri osaikhudza, mukazunguliza ndodo imangouma gwa, kapena imazungulira koma tayala osatsika. Mankhwala ake ndi otchipa kwambiri: pa miyezi itatu iliyonse, makamaka mvula ikangotha, tsitsani tayala, tsukani matope amene amadzadza m'rimu, popereni WD-40 kapena mafuta ena osungunula dzimbiri m'winchi, pakani girizi pang'ono pa tcheni, kenako kwezani ndi kutsitsa kangapo. Ngati ndi waya, uyang'aneni utali wake wonse, makamaka pafupi ndi chitsulo cha kumapeto pamene madzi amakhazikika. Mukaona timawaya tothothoka tikuyang'ana kunja, musadikire. Tayala la pikapu ndi rimu yake n'zolemera ndithu, ndipo likagwa muli pa liwiro, ngozi imagwera amene ali kumbuyo kwanu.

Ikakhala kuti yauma kale, musaikakamize ndi mpope wautali. Ithireni mafuta aja, idikireni, izungulizeni pang'onopang'ono uku ndi uku. Ikakanabe, pitani nayo kwa makaniko akamasule winchi yonse. Kugula ina kuno m'tauni n'kopepuka poyerekeza ndi kufunafuna wodula chitsulo m'mapiri a pakati pa Rufunsa ndi mlatho wa Luangwa, komwe midzi n'njotalikirana ndipo msewu uli ndi makhotakhota opanda poima pabwino. Kuchoka ku Lusaka kukafika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo si paliponse pamene mungapeze tayala la saizi yanu.

Tsopano za mpweya. Tayala limataya mpweya pang'onopang'ono ngakhale lisakuyenda, ndipo la pansili palibe amene amalikumbukira pa filing'i siteshoni chifukwa valavu yake imabisika. Mlingo woyenera walembedwa pa kapepala komatidwa pa chipilala cha chitseko cha dalaivala. Ine ndimati lipopeni pa mlingo wa galimoto yodzadza katundu, popeza ulendo wakumudzi sitiyenda opanda kanthu, komanso kuchotsa mpweya panjira n'kosavuta kusiyana ndi kuwonjezera. Onaninso zaka zake. Pambali pa tayala pali malemba oyamba ndi DOT, ndipo manambala anayi omalizira amanena sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Opanga matayala ambiri amalangiza kuti lofika zaka 10 lichotsedwe ngakhale mapanga ake akuoneka atsopano. Labala amakalamba, ndipo ming'alu ing'onoing'ono m'mbali ndiye chizindikiro chake. Ogula matayala a kaunjika, manambala amenewa muziwawerenga musanayambe kunenerera mtengo.

Pali msampha wina umene umagwira anthu ogula sipeya payokha. Kuwerenga mabowo asanu ndi limodzi sikokwanira. Rimu ya Navara, mwachitsanzo ya D40, ili ndi mabowo 6 ngati ya Hilux ya 4x4, koma katalikirana kake n'kosiyana, moti sizilowana. Enanso anaika marimu okongola a aluminiyamu okhala ndi manati akeake, pomwe sipeya ili pa rimu yachitsulo. Njira yotsimikizira ndi imodzi: Loweruka lina masulani wilo limodzi, mumangepo sipeyayo ndi manati omwewo ndi sipanala yomweyo imene mumayenda nayo. Pamenepo mudzadziwanso ngati jeke imafika pokweza galimoto, ndiponso ngati mukufunika kathabwa kochindikala koikapo jeke pa dothi lofewa.

Nkhani ya akuba siyofuna kuitalikitsa, tonse tikuidziwa. Wakuba wokhala ndi ndodo yofanana ndi yanu, kapena chodulira waya, amachotsa tayala mwakachetechete galimoto ili poimika, ndipo mwini wake amadzazindikira patapita masabata. Chitetezo chodalirika ndi tcheni chachiwiri cholimba, chodutsa m'bowo la rimu n'kuzungulira chitsulo chopingasa cha chassis, chotsekedwa ndi loko. Pochidutsitsa samalani chisapanikize mapaipi a mabuleki, mawaya a magetsi kapena kukhudza ekizozi. Ubwino wina ndi wakuti winchi ikaduka, tchenichi chimaligwira tayala lisanagwe. Koma walira mvula walira matope: loko wokhala pansi pa galimoto amadya fumbi ndi madzi kuposa winchi yomwe. Muvekeni chidutswa cha chubu chakale, muzimuthira mafuta, ndipo kiyi wake akhale pamodzi ndi kiyi wa galimoto, osati m'kabati kunyumba. Ena amawotcherera chitsulo kutseka kabowo kolowetsera ndodo. Amenewo amatsekera wakuba ndi iwo eni pamodzi.

Kuba kwina n'kosinthanitsa. Galimoto yoyendetsedwa ndi anthu ambiri, kapena yogona ku galaja, imatha kubwera ndi sipeya yakutha m'malo mwa yatsopano, ndipo mukasuzumira pansi mumaona kuti tayala lilipo. Lembani nambala ya galimoto ndi penti mkati mwa rimu ndi pambali pa tayala, ndipo amene amayendetsa adziwe kuti munalemba.

Tsiku limene mwaimanga sipeyayo panjira, ikani ma triangle kutsogolo ndi kumbuyo, masulani manati pang'ono galimoto isanakwere, ndipo wilo lochotsedwalo ligonekeni pansi pa chassis kuti jeke ikaterereka galimoto igwere pamenepo. Manati mangani modumphitsa, osati motsatizana, ndipo mukayenda makilomita ngati 50 imani muwakhwimitsenso. Tayala lophwalo likamatidwe pa tauni yoyamba imene mwafika, kaya ndi Nyimba, Petauke kapena Katete, osati kudikira ku Mchinji kapena ku Lilongwe, chifukwa kuyambira pamenepo mukuyenda opanda sipeya.