Mmene mungagwiritsire ntchito shawa yamagetsi osagwidwa shoko

Anthu ambiri akangoona waya wamagetsi akulowa pamutu pa shawa amabwerera chambuyo, mvekere madzi ndi magetsi sizigwirizana. Mantha amenewa ngomveka ndithu. Koma nthawi zambiri chomwe chimavulaza anthu ndi mmene shawayo anailumikizira, makamaka waya wa earth, uja wopititsa pansi magetsi othawa, amene ena amangomusiya ali lende kunja ngati alibe ntchito.

Tiyambe ndi zamkati. Mu shawa muja muli kawaya kopotana ngati sipuling'i, amati elementi, kamatentha magetsi akamadutsamo ngati mmene imachitira ketulo. Mukatsegula mpope mphamvu yamadzi imakankha kalabala kena mkatimo, kalabalako nkugunditsa timakontakiti, basi magetsi ayaka. Mukatseka azimanso okha. Mulibe thanki ngati giza, madzi amatentha pompo akudutsa. Zilipo zamitundu iwiri. Ina ndi ija yokhala pamutu penipeni, inayambira ku Brazil cha m'ma 1930 ndipo kumeneko ili m'nyumba zambiri, odziwika popanga zimenezi ndi a Lorenzetti. Mwa zambiri zoterezi elementi imakhala yosakutidwa, imagundana ndi madzi. Ina ndi yakabokosi kapakhoma yomwe imapezeka kwambiri ku Britain, elementi yake ndi yokutidwa ndipo mphamvu yake imayambira 7.5 mpaka 10.5 kW (kW imodzi ndi mawati 1,000).

Choyamba, musanagule nkomwe, werengani mawati pa katoni. Shawa ya mawati 5,500 pa magetsi a 230 volts imakoka ma amp pafupifupi 24, pomwe pulagi wamba amanyamula 13 kapena 16 basi. Ndiye zoti ndingoisomeka pa soketi kapena pa extension, iwalani, waya amasungunuka ameneyo ndipo moto umayamba chonchi. Imafuna waya wakewake wochokera ku bokosi lalikulu lamagetsi, wa saizi ya masikweya milimita (mm²) 4 kapena 6 malinga ndi kutalika kwa mtunda, zija zikuluzikulu za 10 kW zimafuna wa 10. Ikhalenso ndi breaker yakeyake, kaswichi ka m'bokosimo kamene kamagwa kokha waya akakoka magetsi opyola muyezo.

Chachiwiri, ndipo apa mpomwe pagona nkhani, ndi earth komanso RCD. Poti elementi ili m'madzi, timagetsi tina timathawira m'madzimo, ndiye pafupi ndi potulukira madzi anaikapo waya wa earth kuti atitenge nkutipititsa pansi tisanakufikeni. Akakhala wosalumikiza kapena analumikiza mwachinyengo, njira yotsala yoti magetsiwo adutse ndi inuyo, mutanyowa thupi lonse komanso muli osavala nsapato pa simenti. RCD ndi kachipangizo kamene kamayerekeza magetsi opita ndi obwerera, akasiyana ndi ma milliamp 30 okha kamadula nthawi yomweyo sekondi isanathe. Breaker wamba sangachite zimenezi, iye amateteza waya kuti asapse, za munthu alibe nazo ntchito. Ineyo shawa yopanda ziwirizi sindingaimepo pansi pake olo kuzizire bwanji.

Ntchito yonseyi agwire wamagetsi wodziwa, osati mnzanu amene anakonzapo ayironi kamodzi. Ndipo akamalumikiza muyang'ane, asangopotokola mawaya nkukulunga tepi yakuda, nthunzi imamatula tepi ija pang'onopang'ono ndipo polumikiza polendewera pamatentha. Pafunika konekita yolimba, yomanga ndi masikuluwu.

Chachitatu, tsiku loyamba musayatse magetsi kaye. Tsegulani madzi adutse kwa kanthawi shawa idzaze, kenako ndiye mukayatse ku breaker. Elementi ikayaka pouma imapsa mumasekondi ochepa. Chitaninso chimodzimodzi madzi akasiya kenako nkubweranso, chifukwa mumapaipi mumakhala mutalowa mpweya.

Tsopano kasambidwe. Pali chinthu chimasokoneza anthu, akaona madzi sakutentha amatsegula mpope kwambiri, chonsecho mpomwe akuwaziziritsa. Mphamvu ya shawa sisintha, ndiye madzi akachuluka imagawikana. Ya mawati 5,500 ikamatulutsa malita atatu pa mphindi imakweza kutentha ndi madigiri pafupifupi 26, mukafika malita 6 imangokweza 13. Ndiye mukafuna otentha chepetsani mpope, koma osati kwambiri poti akachepetsetsa kalabala kaja kamasiya kukankha nkuzima. Nthawi yozizira madzi amalowa ali ozizira kale, nchifukwa chake shawa imaoneka ngati yafooka pomwe ili bwinobwino. Pa mayunitsi, mphindi 10 zimadya pafupifupi yunitsi imodzi, oimba nyimbo zitatu mubafa adziwiretu.

Kaswichi kosinthira kutentha kamene kali pamutu pa shawa musamakagwire madzi akutuluka. Tsekani mpope kaye, sinthani, kenako tsegulaninso. Timabowo totulukira madzi tikatsekeka ndi laimu kapena zinyalala, zimitsani ku breaker, masulani chivindikirocho mutsuke, osamatokosa ndi singano kapena waya ili pa magetsi. Miyezi ingapo iliyonse dinani kabatani ka test pa RCD, ikapanda kugwa ndiye kuti yafa, isinthidwe.

Mukamva kunyerenyetsa pogwira mpope kapena pamene pali kabala, mukamva fungo la pulasitiki yopserera, kapena breaker ikumangogwa, lekani kusamba, zimitsani ndipo muitane wamagetsi. Osazolowera nkumati imatero. Zikachitika kuti wina wagwidwa mubafa musamukhudze ndi manja poti nanunso akugwirani, thamangirani ku bokosi lalikulu mukazimitse kaye, ndipo apite kuchipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino chifukwa shoko imatha kusokoneza kagundidwe ka mtima.