Musanagule axle yolimba, yambani mwaona pamene yakale inathyokera

Ntchito yanga ndi yogula soya ndi mtedza kumidzi ya ku Kasiya ndi ku Nambuma n'kubwera nazo ku Lilongwe, ndipo dzinja likafika ndimapititsako feteleza. Tsiku lina mu Januwale ndinakweza matumba 26 pa Hilux yanga yakale. Thumba lililonse ndi makilogalamu 50, ndiye kuti kumbuyo kunali makilogalamu 1,300 pa galimoto yoyenera kunyamula pafupifupi tani imodzi. Mvula inali itagwa usiku wonse. Titangowoloka kadambo kena, tayala lakumanzere linagwera m'dzenje lobisika ndi madzi, ndinangomva kuti tho! galimoto n'kukhala pansi mbali imodzi. Mnyamata amene ndinali naye anatsika n'kukuwa kuti, "Bwana, tayala lili uko!" Linali litagona m'chimanga cha eni ake, drum ya mabuleki ili pomwepo, kachidutswa ka shafiti, chitsulo cha mkati mwa axle chozunguza tayala, kali tong'o pakati.

Tinagona pomwepo titafunditsa feteleza tenti. Kutacha ndinali nditatsimikiza kale kuti ndikagula axle yaikulu kuposa zonse zimene ndingapeze. Amene anandibweza ndi bambo wina wachikulire amene amakonza galimoto ku Mchesi. Anatenga chidutswa chija, anachipukuta ndi chiguduli, n'kundisonyeza pothyokapo. Mbali ina panali posalala ndi timizere topindika ngati ta pachigoba cha nkhono, mbali yotsalayo pokhakhala. Anati, "Achimwene, ichi sichinathyoke dzulo. Chakhala chikung'aluka pang'onopang'ono miyezi yambiri, dzenje lija langomaliza." Kuchokera tsikulo, aliyense wondifunsa za axle ndimamuuza kuti abwere nacho chothyokacho.

Shafiti ikathyokera kunja, pafupi ndi beringi ya tayala, wolakwa ndi katundu. Ikapotoka kapena kudukira mkati, pa timano timene amakaniki amati ma spline, tolowa mu difu (magiya a pakati pa axle ogawa mphamvu ku matayala awiri), wolakwa ndi mphamvu yopotokola: matayala aakulu, diff lock (chotseka difu kuti matayala onse awiri azizungulira pamodzi), kapena phazi lolemera pamene tayala lozungulira m'matope lagwira mwala mwadzidzidzi. Mukauyang'ana bwino, mzere wa timanoto umakhala utakhota ngati chingwe chopota. Matenda awiriwa mankhwala ake ndi osiyana, ndipo anthu ambiri amawononga ndalama pochiza amene alibe.

Wa katundu ayenera kudziwa kusiyana kwa semi-floating ndi full-floating. Pa semi-floating, monga kumbuyo kwa Hilux, tayala limamangidwa pa shafiti yeniyeniyo, kotero shafitiyo imasenza kulemera kwa galimoto komanso kuzunguza tayala. Pa full-floating, monga pa Land Cruiser 79 imene ndili nayo tsopano, tayala limakhala pa hub yoyenda pa maberingi awiri kunja kwa chipaipi cha axle. Shafiti ntchito yake ndi kuzunguza basi. Ikaduka, mumamasula timabawuti ta pakati pa wilo, n'kuisolola, n'kuchotsa chidutswa chotsalira mkati, kenako mumatseka pabowopo n'kubwerera kunyumba pokokedwa ndi matayala akutsogolo. Tayala silichoka. Kuizindikira n'kosavuta: hub yake imatulukira pakati pa wilo, itazunguliridwa ndi timabawuti. Kwa munthu wonyamula matumba m'misewu yafumbi sabata ndi sabata, ine ndimati full-floating ndiyo yoyenera, ndipo shafiti ya chitsulo chodula pa semi-floating siingalowe m'malo mwake. Koma musaiwale kuti axle yolimba siisintha chassis, masipuling'i, mabuleki ndi matayala. Kulemera kumene kampani inalemba pa galimotoyo kumakhalabe komweko.

Wa ma spline opotoka ndiye amene ayenera kufunsa za chitsulo. Shafiti zambiri zobwera ndi galimoto ndi za chitsulo cha kaboni cholimbitsidwa kunja kokha. Zolimba zogula padera nthawi zambiri ndi za chromoly 4340, chimene chimalola kupotoka pang'ono n'kubwerera chisanaduke, ndipo pamwamba pake pali 300M, yodula kwambiri, imene ine sindiona chifukwa choigulira ngati simupanga mipikisano. Kunenepa kwa shafiti nakonso kumawerengedwa modabwitsa. Mukawonjezera 10 peresenti pa kukula kwake, mphamvu yopirira kupotoka imakwera ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. N'chifukwa chake kuchuluka kwa ma spline kuli nkhani, poti kawirikawiri shafiti yonenepa ndiyo imakhala ndi ambiri: pa ma axle a kampani ya ku America ya Dana, Dana 30 imakhala ndi 27, Dana 44 ndi 30, Dana 60 zambiri 35, ndipo difu ya Toyota ya mainchesi 8 kumbuyo imakhala ndi 30. Ma spline a shafiti ayenera kufanana ndendende ndi a mu difu yanu. Awerengeni ndi choko m'manja, kawiri, musanatumize ndalama.

Kutsogolo kwa Land Cruiser kofooka kwenikweni ndi Birfield, cholumikizira chimene chimalola tayala kukhota likukoka. Chimaphulika kawirikawiri chiwongolero chitakhotetsedwa mpaka kumapeto, muli mu low range (giya yamphamvu yoyenda pang'onopang'ono ya 4WD), makamaka pobwerera m'mbuyo. Zanga ndinasintha n'kuika za chromoly nditakweza matayala kufika mainchesi 33, ndipo sindinagule axle yonse ayi. Kumbuyo sindinakhudze chifukwa kunalibe vuto.

Za matayala ndinenepo pang'ono, poti ambiri mu Area 47 ndi Area 25 akuika akuluakulu chifukwa amaoneka bwino. Kuchoka pa mainchesi 31 kupita pa 35, mphamvu imene shafiti imafunika kupirira imakwera ndi pafupifupi 13 peresenti, osawerengera kulemera kwa tayalalo. Diff lock ikatsekedwa tayala limodzi lili m'malere, mphamvu yonse imathamangira ku shafiti imodzi. Sankhani kaye matayala amene mudzakhale nawo, axle ibwere pambuyo.

Pali chinthu chimodzi chimene wogulitsa sangakuuzeni. Mukalimbitsa shafiti, chofooka chimasamukira mkati, ku crown wheel ndi pinion, giya yaikulu ya mu difu ndi yaing'ono yoizunguza. Shafiti imasinthidwa pansi pa mtengo ndi masipanala wamba. Magiya a difu amafuna munthu wodziwa kutchera backlash, kampata ka pakati pa mano a magiyawo, ndi kuwerenga pamene mano akukumana, ndipo otere mu Lilongwe ndi owerengeka. Ngati difu yanu ndi yaing'ono, ganizani kawiri musanaipatse shafiti imene siidzaduka. Apa ndi pamene axle yonse ya crown wheel yaikulu, monga ya mainchesi 9.5 ya kumbuyo kwa Land Cruiser, imayamba kukhala ya nzeru.

Mukatsimikiza zogula axle yathunthu, choyamba ndi ratio, kutanthauza kuti propshaft (chitsulo chachitali chobweretsa mphamvu ku difu) imazungulira kangati matayala akazungulira kamodzi. Yakutsogolo ndi yakumbuyo ziyenera kufanana. Mukaika 4.30 kumbuyo kutsogolo kuli 4.10, tsiku loyamba kulowetsa 4WD pamalo olimba matayala amayamba kulimbana, ndipo chimene chimalira ndi transfer case (bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo) kapena propshaft. Werengani mano: a crown wheel kugawa ndi a pinion. Mano 41 ndi 10 ndi 4.10, 43 ndi 10 ndi 4.30, 41 ndi 9 ndi 4.56, 39 ndi 8 ndi 4.88. Ngati simungatsegule, kwezani tayala limodzi pa jeke, lembani choko pa propshaft, zunguzani tayalalo kawiri ndipo muwerenge kuti propshaft yazungulira kangati. Pa difu ya LSD, imene siilola tayala limodzi kuzungulira lokha momasuka, kwezani onse awiri n'kuzunguza kamodzi. Musadalire mawu akuti "ndi yomweyo bwana". Ine ndinawamvapo pa shopu ina, titatsegula tinapeza mano ena.

Kenako tengani tepi. Yezani kuchokera pamene wilo imakhala mbali ino kufika mbali inayo, kutalikirana kwa mipando ya masipuling'i, ndi pamene mimba ya difu ili. Ya Hilux kumbuyo ili pakati, ya Land Cruiser 70 ili chakumbali, choncho kuisamutsira pa galimoto ina si nkhani yongomanga mabawuti. Mabowo a wilo nawonso: Hilux ndi mabowo 6 ozungulira bwalo la mamilimita 139.7 m'mimba mwake, pamene Land Cruiser 79 ndi 5 pa bwalo la mamilimita 150. Mukasakaniza mudzafunika masipeya awiri. Eni ake a 79 za kuyambira 2007 amadziwa kale kuti kumbuyo n'kopapatiza kuposa kutsogolo ndi masentimita pafupifupi 10, ndipo mumchenga kapena m'matope matayala akumbuyo satsata mkwaso wa akutsogolo. Alipo ma axle ogula padera okonza zimenezi, ochokera ku Australia, koma mtengo wake si wamasewera. Onaninso chingwe cha handbrake, mapaipi a mabuleki ndi masensa a ABS ngati alipo. Mipando ya masipuling'i ikamawotcheredwa, kapendekeke ka pinion kayezedwe galimoto itakhala pa kulemera kwake, apo ayi idzanjenjemera mukangofika pa M1.

Funso limene ndimaliika pamwamba pa onse ndi lakuti: beringi ndi oil seal za axle imeneyi ndikazipeza ku Malangalanga? Dana 60 ndi yolimba zedi, palibe wotsutsa. Koma seal ikayamba kudontha mu Disembala, kuitanitsa ku Johannesburg kapena ku Dubai, kusaka forex, kudikira katundu adutse pa Mwanza kapena pa Dedza ndi kulipira msonkho, dzinja limatha galimoto ili pa zidina. Zida za Toyota ndi Nissan Patrol zimapezeka mu Old Town tsiku lomwelo. Pa chifukwa chimenechi ine ndimasankha axle ya m'banja lomwelo la galimoto, n'kulimbitsa mkati mwake.

Ambiri a ife timagula zogwiritsidwapo kale ntchito, ndiye pitani ndi makaniki wanu. Masulani drain plug muone kamaginito kake: tiphulusa tosalala si vuto, koma tizidutswa tomveka m'zala ndi mano a giya. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti munalowa madzi. Gwedezani flange ya pinion m'mwamba ndi pansi, isasewere n'komwe. Fufuzani zipsera za kuwotcherera pa chipaipi, ndipo kokani chingwe kuchokera mbali ino kufika inayo kuti muone ngati chinapindika, chifukwa chipaipi chopindika chimadya maberingi ndi shafiti zatsopano zomwe.

Axle ya Hilux ija itamangidwa, bambo a ku Mchesi aja anachotsa kabulitha kafupi ka pamwamba pa difu n'kulumikizapo kapaipi kautali kokafika m'mwamba pafupi ndi bodi. Difu yotentha ikalowa m'madzi ozizira imakoka mpweya, ndipo ngati kabulithako kamira imakoka madzi. Anathira oyilo wa 80W-90 GL-5, n'kundiuza kuti ndikayenda makilomita 50 ndiime ndikhwimitsenso mabawuti a mawilo ndi ma U-bolt, ndiikenso dzanja pa hub iliyonse. Ndinaima pa Nsaru, ndinapeza zonse zinayi zikungofunda mofanana, U-bolt imodzi yokha ndiyo inalandira sipanala.