Musanakwere basi ya ku Joni ndi kamera yanu

Anzanga ofuna kukapanga mafilimu kunja, jambulani kaye zakwathu musanapite. Nc'wala ku Mtenguleni mu February, Kulamba ku Mkaika ku Katete mu August, kumene mukupitako zimenezi kulibe ndipo ndi zimene anthu angakufunireni. Koma aliyense amene mwamufunsa pa kamera asaine kapepala kovomera, ogula filimu amafunsa zimenezo, manje mubwerera bwanji ku Katete kukasaka agogo aja? Za Gule yambani mwapempha kwa amfumu.

Mawu nawonso, gulani maikolofoni yabwino, chithunzi chofooka anthu amapirira koma mphepo ikulira fuu amazimitsa. Ma hard drive osungiramo zimene mwajambula akhale awiri, zikwama zosiyana. Ndipo viza ya mlendo si ya ntchito, musanamizidwe.