Laputopu yokwera mtengo koma ya RAM yochepa: kodi ndalama zanu zikugula chiyani?

Mmalawi amene akukhala kunja, kaya ali pasukulu kapena pantchito, amafika poti ayenera kugula laputopu yakeyake, ndipo akalowa m'sitolo maso ake amathamangira pa makina opyapyala okutidwa ndi chitsulo, monga MacBook Air, Dell XPS kapena Microsoft Surface. Makina amenewa ndi abwinodi: sikirini yake ndi yowala, batire limakhalitsa, ndipo salemera m'chikwama. Komabe pa kapepala kofotokoza za makinawo pamakhala nambala imodzi imene ogula ambiri saiyang'anitsitsa, yomwe ndi kuchuluka kwa RAM, ndipo ikakhala 8GB pa makina a mtengo wapamwamba, ndi bwino kukumbukira kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Anthu ambiri amasokoneza RAM ndi SSD chifukwa zonse ziwiri zimawerengedwa mu GB, koma ntchito zake n'zosiyana. SSD ili ngati kabati yosungiramo mafayilo, zithunzi ndi mapulogalamu, ndipo zinthuzo zimakhalamo ngakhale mutazimitsa kompyuta. RAM ili ngati tebulo limene mumayalapo zomwe mukugwiritsa ntchito pa nthawiyo. Tebulolo likadzaza, kompyuta imayamba kupanikiza zina mwa zinthuzo, kenako imasamutsira zina ku SSD n'kumazitenganso zikafunika, ndipo popeza SSD ndi yochedwa poyerekeza ndi RAM, m'pamene mumaona tsamba la intaneti likutsegukanso lokha mukalibwerera, kapena makina akudodoma pamene muli pa msonkhano wa Zoom kwinaku mutatsegula Excel ndi masamba makumi awiri mu Chrome.

Kale nkhani imeneyi sinali yodetsa nkhawa, chifukwa RAM inkabwera ngati kathabwa kakang'ono kolowetsa m'malo ake, moti munthu ankatha kugula makina a RAM yochepa n'kudzawonjezera ndalama zikapezeka. Makina opyapyala a masiku ano ambiri sali choncho. RAM yake imawotchereredwa pa bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta, ndipo pa makina a Apple kuyambira pa chipu cha M1 cha mu 2020, RAM imakhala pamodzi ndi purosesa, yomwe ili ngati ubongo wa kompyuta, m'phukusi limodzi. Intel inachitanso zofanana ndi zimenezi pa mapurosesa a Core Ultra 200V a mu 2024. Ubwino wake ulipo, chifukwa RAM yoyandikana ndi purosesa imathamanga komanso siidya batire kwambiri, koma tanthauzo lake kwa wogula n'lakuti zimene wasankha tsiku logula adzakhala nazo mpaka makinawo adzathe ntchito. SSD ikachepa mungathe kulumikiza ina yakunja, pamene RAM ikachepa palibe chingwe chimene chingakuthandizeni.

Kwa zaka zingapo Apple inkagulitsa makina a 8GB pa mtengo wapamwamba, ndipo mu 2023 MacBook Pro ya mainchi 14 yokhala ndi chipu cha M3 inatuluka ndi 8GB pa mtengo wa madola 1,599 ku America, pomwe wofuna 16GB ankawonjezera madola 200. Kampaniyi inkadziteteza ponena kuti macOS, pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina ake, imagwiritsa ntchito RAM mosamala kuposa makina ena, ndipo m'mawu amenewo muli choonadi pang'ono. Koma zochita za kampaniyo zinayankha funsoli bwino kuposa mawu ake, chifukwa mu October 2024 inakweza MacBook Air kufika pa 16GB popanda kukweza mtengo. Chaka chomwecho Microsoft inalamula kuti makina a Windows otchedwa Copilot+ PC azikhala ndi RAM yosachepera 16GB. Opanga mapulogalamu amatsatira makina amene ali pamsika, choncho 16GB ikakhala poyambira, mapulogalamu a zaka zikubwerazi sadzavutikira kuti akwanire mu 8GB.

Sindikunena kuti makina a 8GB ndi opanda ntchito. Munthu amene amalemba makalata, kuwerenga maimelo, kuonera mafilimu ndi kuyankhula ndi abale pa vidiyo angathe kuwagwiritsa ntchito osadandaula, makamaka ngati ndi a Apple. Koma munthu woteroyo safunikiranso makina a mtengo wapamwamba, ndipo apa m'pamene pagona nkhani. Amene ntchito yake ndi yopepuka akulipirira purosesa imene mphamvu zake sadzazigwiritsa ntchito, pamene amene ntchito yake ndi yolemera, monga kukonza mavidiyo, kulemba mapulogalamu, kusanthula ziwerengero za kafukufuku wa kuyunivesite kapena kujambula mapulani a nyumba, adzapeza kuti purosesa yamphamvuyo ikungodikira RAM yodzaza. Palinso china chimene ogulitsa satchula kawirikawiri: pa makina ambiri opyapyala, gawo lokonza zithunzi za pa sikirini limagawana RAM yomweyo ndi purosesa, moti 8GB yolembedwayo siyonse imene imatsalira mapulogalamu anu.

Musanapite kusitolo, yesani kaye makina amene muli nawo, ngakhale akhale a kuntchito kapena obwereka. Tsegulani zonse zimene mumagwiritsa ntchito pa tsiku lotanganidwa, kenako pa Windows dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti mutsegule Task Manager ndi kuona gawo la Memory. Pa Mac tsegulani Activity Monitor n'kuyang'ana chithunzi cha Memory Pressure: chikakhala chobiriwira zinthu zili bwino, chikamasanduka chachikasu kapena chofiira ndiye kuti RAM ikuchepa. Musadabwe mukaona kuti RAM yambiri ikugwiritsidwa ntchito ngakhale makina akuyenda bwino, chifukwa kompyuta imasungiratu zinthu mmenemo mwadala. Chofunika kuona ndi kupanikizika kwake.

Ngati ndalama zanu zili ndi malire, monga zimakhalira kwa aliyense amene akulipira lendi kunja kwinaku akuthandiza abale kwathu, dongosolo labwino n'kuyamba ndi RAM ya 16GB, kenako SSD, ndipo purosesa yatsopano ndi maonekedwe zibwere pambuyo. Makina a chaka chatha a 16GB amaposa a chaka chino a 8GB pa ntchito zambiri za tsiku ndi tsiku. Apple, Dell ndi Lenovo amagulitsa okha makina obwezedwa amene awakonzanso, ndipo amakhala ndi waranti. Mwa makina a m'maofesi monga ThinkPad a Lenovo ndi Latitude a Dell, ena ali ndi malo owonjezerera RAM pamene ena alibe, choncho fufuzani nambala yeniyeni ya makinawo pa tsamba la kampani m'malo modalira mawu a wogulitsa. Kampani ya Framework imapanga malaputopu amene mwiniwake angathe kutsegula ndi kusintha zipangizo zake. Mukamagula makina akale a Windows, onetsetsani kuti angalandire Windows 11, chifukwa Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo kapena ya AMD yofanana nayo.

Chenjerani ndi mitengo yotsitsidwa ya pa Black Friday, tsiku la malonda otsika mtengo la mu November, ndi nyengo zina zotere, chifukwa ndi nthawi imene masitolo amachotsa makina a 8GB otsalira m'nyumba zosungiramo katundu. Kutsitsako kukakhala kwakukulu ndipo ntchito yanu ndi yopepuka, palibe cholakwika kugula, koma kukakhala kochepa moti kusiyana kwake ndi makina a 16GB n'kwakung'ono, dikirani mwezi wina kuti ndalama zikwane. Ganiziraninso kuti laputopu ya munthu wokhala kunja kawirikawiri siithera m'manja mwake, imadzapita kwa mng'ono kapena mphwake amene ali pasukulu, ndipo pofika nthawi imeneyo batire lingathe kusinthidwa koma RAM yowotcherera idzakhala yomweyo.

Ngati mwagula kale ndipo mukukayika, onani tsiku la pa lisiti. Ku Britain ndi m'maiko a European Union, katundu wogulidwa pa intaneti angathe kubwezedwa pasanathe masiku 14 chilandirireni, ndipo Apple imapereka masiku 14 m'masitolo ake m'maiko ambiri. Gwiritsani ntchito masiku amenewo poyesa makinawo ndi ntchito yanu yolemera kwambiri, ndipo sungani bokosi ndi zonse zimene zinabweramo mpaka mutatsimikiza kuti simuwabweza.